Sabina Wogwadira Phiri

Mwina inunso munazimva. Kulayini konse, kunyumba za antchito a esiteti ya tiyi, kunali manong'onong'o akuti Sabina wa kwa a Marjory wayamba kugwadira phiri. Pamjigo nkhani inali yomweyo, pasikelo poyezera tiyi yomweyo, ngakhale anyamata a kabaza pa Chitakale ankaidziwa, anthu oti nkhope ya Sabinayo sanaionepo. Ena ankati amavula nsapato n'kumayankhula ndi mizimu ya ku Sapitwa m'chinenero chosamveka. Ena ankati dengu lake limadzaza msanga chifukwa mizimuyo imamutcholera. Ine ndinkangomvera, pakamwa nditatseka, chinthu chimene sichichitikachitika. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, Sabinayo ndi achemwali anga, bere limodzi. Chachiwiri ndikuuzani kutsogoloku, musandithamangitse.

Ine ndine Rosie, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Sukulu ndinalekera sitandade 5, koma kuwerenga ndimatha, musandiderere. Ndimagulitsa nthochi ndi chinangwa chophika pamsewu wolowera kuesiteti, ndiye nkhani iliyonse ikamapita kulayini imayamba yandipatsa moni ine. Timakhala atatu m'nyumba ya kampani, amayi, achemwali ndi ine. Bambo anamwalira ndikukwawa. Amayi ndi achemwali onse amatchola tiyi. Amayi ndi munthu wa mpingo weniweni. Lachinayi lililonse amavala bulauzi yoyera yosita kupita kumapemphero a azimayi, ndipo akayamba kupempherera chakudya, ndiwo zimazizira.

Chaka chatha achemwali anali ndi mwana, Chiyembekezo, wa miyezi isanu ndi itatu. Bambo wake, Felix, anapita ku Joni mimba isanaoneke n'komwe, mpaka lero foni yake imangoitana. Mwanayo anadwala malungo mu Febuluwale, nthawi imene tiyi amaphuka ngati wapenga, ndiye amayi sakanatha kujomba. Achemwali anakhala okha kuchipatala masiku asanu ndi limodzi. Pabedi loyandikana nalo panali agogo ena achiyawo, abiti Saidi, amene ankadikirira mdzukulu wawo. Iwowo ndi amene ankagawira achemwali phala, n'kumawagwirira mwana kuti akasambe. Tsiku limene Chiyembekezo anatisiya, abiti Saidi ndi amene anamutseka maso, n'kuvula mpango wawo kumufunditsa, n'kukhala pansi pasimenti ndi achemwali mpaka ife titafika.

Sanawalalikire ayi. Achemwali amati ndicho chinawagwira mtima. Ankangowaona akuyala chitenje pakona, kuwerama, kugunditsa chipumi pansi, kenako n'kudzuka nkhope ili phee ngati munthu wochokera kosamba.

Abiti Saidi amakhala m'mudzi wa kuseri kwa esiteti, ndi mwana wawo telala. Maliro atatha achemwali anayamba kupitako, poyamba akuti kukabweza mpango. Mpango umodzi anaubweza miyezi inayi. Kenako Lachisanu lina anapita nawo kumzikiti pa Chitakale, n'kukanena mawu amene munthu amanena polowa Chisilamu. Anandiuza mawa lake tikuchapa kumtsinje.

"Rosie, ukauza munthu ndikudula lilimelo."

"Ine achemwali? Ndinayamba ndaululapo chiyani?"

"Mimba ya Sheila anailengeza ndani?"

"Imene ija inkaoneka kale."

"Lumbira."

Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Musaganize kuti anandiuza chifukwa chondikhulupirira. Ankandifuna. Iwo sukulu analekera sitandade 2, ndipo mdzukulu wa abiti Saidi anali atawalembera papepala mawu onse a swala, pemphero lawolo, Chiarabu koma m'zilembo zathu zomwezi. Ndiye ine ndinasanduka mphunzitsi. Ndinkawerenga mzere umodzi, iwo n'kubwereza. Mawu ena amatulukira pakhosi penipeni ngati watsamwa munga wa usipa. Tsiku loyamba tinaseka mpaka achemwali anagwetsa misozi, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka chichokereni mwana uja.

Vuto lina linali kuwerengera. Swala ya masana munthu amaimirira n'kuwerama maulendo anayi, ndipo sayenera kuyankhula ndi munthu mpaka atamaliza. Achemwali akafika pakati ankasokonezeka, n'kumandiyang'ana ndi ngodya ya diso ngati mbuzi yokodwa chingwe. Ndiye ndinatola timiyala tinayi. Akamaliza ulendo umodzi, ine n'kuchotsa kamodzi. Nzeru imeneyo inali yanga, palibe shehe anandiuza.

Za koyang'ana, abiti Saidi anawauza mosavuta. "Kuno kwathu n'kophweka, mwanangu. Chibula, kumene tonse timayang'ana poswali, chili kumpoto. Ukangoyang'ana phiri, wakhoza." N'zoonadi, kulayini kwathu ukaima pakhomo phiri limakhala pamphuno pako.

M'nyumba sakanatha kuswali amayi ali pomwepo, nyumba yake katani ndiye chipinda. Ndiye akaweruka tinkatsikira kumtsinje, pansi pa mabulugama kumapeto kwa munda. Ankatawasa kaye, kutanthauza kusamba m'manja, m'kamwa, kumaso, mikono mpaka mapazi, kenako n'kuyala chitenje kuyang'ana phiri. Ine pambali ndi pepala langa ndi timiyala tanga.

Tsopano chifukwa chachiwiri chija.

Mnzanga Jessica, amene timagulitsa limodzi pamsewu, anationa tsiku lina akufuna nkhuni. Mawa lake anandikhalira pafupi, akusenda nthochi yanga osapempha.

"Iwe, achemwali ako dzulo amatani kumtsinje kuja?"

"Amapuma."

"Munthu amapuma chipumi chili pansi?"

Lilime linkandiyabwa, sindikunama. Nkhani yaikulu ngati imeneyo, ndili nayo ndekha Mulanje yense. Koma ndinali nditalumbira. Ndiye ndinafuna kunena kanthu kakang'ono, koti si bodza komanso si kuulula.

"Amangoyang'ana phiri basi. Anauzidwa kuti aziyang'ana phiri."

"Anauzidwa ndi ndani?"

"Zimenezo sindinganene."

Jessica anasiya kutafuna. Pomwepo ndinadziwa kuti ndayatsa moto m'munda wouma.

Sabata isanathe, nkhani inali itamera miyendo ndi mchira. Timiyala tanga tija anati ndi mankhwala. Pepala lija anati linachokera kwa sing'anga wa ku Milange. Azimayi pamunda anayamba kusuntha madengu awo achemwali akamadutsa. Zonsezo tikanapirira. Koma tsiku lina mayi wina akugula chinangwa, osadziwa kuti ine ndine ndani, anauza mnzake kuti, "Ndiye mwana uja mukuti anafa ndi malungo? Phiri silipatsa zaulere." Ndinamupatsa chinangwa chake. Sindinawauze achemwali, koma anazimva ndithu, chifukwa tsiku limenelo kumtsinje anakhala chipumi chili pansi nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka, ine nditagwira kamwala osadziwa ngati ndichotse.

Amayi anazimva Lachinayi kumapemphero. Anabwera dzuwa likadalipo, osavula bulauzi yoyera ija, n'kuima pakhomo.

"Sabina, n'zoona?"

"Ziti amayi?"

"Usandiyese mwana. Zoti umagwadira phiri."

"Phiri sindiligwadira."

"Nanga kumtsinje umakatani?"

Achemwali anangoyang'ana zala zawo zakuda ndi utomoni wa tiyi. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Nanga iwe wailesi, lero batire latha?"

Ndinayang'ana pansi. Amayi anapita pathandala, anatenga mbale ya achemwali ndi kapu yawo, n'kukaziika pazokha pawindo.

"Loweruka tipita kwa atsibweni ako. Akakalephera iwo, m'nyumba muno mutsala anthu awiri."

Kuyambira tsiku limenelo achemwali ankadyera pakhonde. Ine ndinawachonderera kuti angonena zoona.

"Achemwali, kuli bwino adziwe kuti ndinu Msilamu kusiyana n'kuti azikuyesani mfiti."

"Iwe sukudziwa. Pamanda paja amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, usalire, tidzamupeza Chiyembekezo tonse pamodzi, malo amodzi. Ndicho chimawadzutsa m'mawa. Ndiwauze bwanji kuti ine ndatenga njira ina?"

Ndinangotola mbale yawo n'kukaitsuka.

Loweruka tinakwera minibasi pa Chitakale, kudutsa Likhubula, kuzungulira Chambe njira yopita ku Phalombe. Atsibweni a Bryson, achimwene awo a amayi, ndiwo mwini mbumba wathu. Kale ankanyamula katundu panjinga pa Muloza, pamalire ndi Mozambique, zaka khumi ndi zisanu, mpaka bondo linakana, ndiye anabwerera kumudzi kukalima nandolo. Ndi munthu wanthabwala, amamaliza chilichonse ndi "pronto" ngati Mpwitikizi. Atationa anati, "Mwabwera atatu nkhope ngati mwaba mbuzi. Yafa kapena ikadali moyo?" Amayi sanaseke. Analowa nawo m'nyumba kukafotokoza, ife n'kutisiya panja.

Dzuwa litapendeka pang'ono, achemwali anandikodola.

"Nthawi yakwana."

"Lero lomwe lino? Kuno? Dumphitsani imodzi, Mulungu aona yekha mmene zilili."

"Ndikadumphitsa lero chifukwa cha mantha, mawa ndidzadumphitsa chifukwa cha chiyani? Tola timiyala."

Anatunga madzi m'kapu, tinazembera kuseri kwa khitchini, m'munda wa nandolo. Anatawasa msangamsanga, anamanga mpango, anakweza maso kufuna phiri. Linali pomwepo, Chambe yense chiimire, thanthwe lokhalokha mpaka kumwamba. Anayala chitenje kuliyang'ana, n'kuyamba.

Ndinali nditachotsa kamwala kamodzi pamene ndinamva masamba akuswa kumbuyo. Amayi, atagwira atsibweni pamkono.

"Onani nokha achimwene. Mumati ndikukokomeza. Onani."

Achemwali anamva, koma sanatembenuke. Amayi anafuna kupita kukawadzutsa. Atsibweni anawagwira.

"Musiyeni amalize."

"Amalize chiyani? Pakhomo panu pano?"

"Ndati musiyeni. Munthu akayamba zimenezi sadukizidwa."

Ndiye tinaima choncho anthu atatu, kuonerera. Ine ndinapitiriza kuchotsa timiyala, ndikanatani? Kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Achemwali atakhala pansi n'kutembenuza nkhope kumanja ndi kumanzere, kusonyeza kuti amaliza, atsibweni anakanda chibwano.

"Sabina, anakuphunzitsa ndani?"

"Abiti Saidi, atsibweni." Mawu awo ngati a mwana wa nkhuku.

"Anakuuza kuti uziyang'ana kuti?"

"Phiri."

"Uli kuti pamene ankakuuza?"

"Kwathu kuesiteti."

Atsibweni anayamba kuseka. Anayesa kudzigwira chifukwa cha amayi, koma zinakanika, mpaka anatsamira mtengo wa nandolo n'kuuthyola.

"Mwana wa mlongo wanga, mwakwera minibasi mwazungulira phiri. Kwanu lili kumpoto, kuno lili kummwera. Swala yonseyi waitumiza ku Joni. Kaya mwina imupeza Felix."

Achemwali anatsegula pakamwa, anayang'ana phiri, anandiyang'ana ine ngati ndine ndinalisuntha.

"Zaka khumi ndi zisanu pa Muloza," atsibweni anatero akupukuta misozi, "mnzanga Amidu ankandisiyira njinga yake kasanu patsiku akamapita kukaswali. Ndingalephere kudziwa? Dzuka. Dzuwa likulowera uku, ndiye likhale kumanzere kwako. Tembenuka. Tembenukanso. Pronto."

Anawagwira mapewa n'kuwazungulitsa ngati akuwongola hendulo ya njinga, mpaka phiri linakhala kumsana kwawo. Kutsogolo kunalibe chilichonse, minda chabe ndi fumbi la chigwa.

Amayi nthawi yonseyi sanamvetse. "Achimwene, mukuseka chiyani? Ndiye mukumuphunzitsanso?"

Atsibweni anasiya kuseka. "Marjory, mwana wako sagwadira phiri. Sanayambe waligwadirapo. Walowa Chisilamu."

Ndinkamva njuchi m'maluwa a nandolo. Amayi anayang'ana mpango uja, chitenje chija, timiyala m'manja mwanga. Kenako anakhala pansi padothi, bulauzi yabwino yomwe.

"Likanakhala phiri," anatero motsitsa, "ndikanalipempherera n'kuchoka."

Achemwali anakwawa n'kugwada patsogolo pawo. Anafotokoza zonse, za kuchipatala, za mpango, za masiku amene ankadzuka osafuna kudzuka. Anati, "Amayi, sindinathawe inu. Ndinkamira, ndipo dzanja limene linali pafupi ndi limenelo." Amayi anawayang'ana. Anangofunsa chimodzi.

"Ndi mwamuna?"

"Ayi amayi."

"Bola akanakhala mwamuna. Amuna amatha."

Patapita kanthawi achemwali anafunsa atsibweni ngati swala yolakwika ija iyenera kubwerezedwa. Iwo anati, "Ine si shehe, ndine wa nandolo. Koma kalata ikapita kolakwika, ine ndimalembanso." Ndiye achemwali anaimanso, phiri lili kumbuyo, amayi ali pomwepo pansi. Ndinayala timiyala tanga. Ndinkadikira kuti amayi adzuke azipita. Sanadzuke. Anayang'ana kumbali, koma anakhala mpaka kamwala kachinayi.

Tinabwerera madzulo omwewo. Kunyumba mbale ija inakhalabe pawindo. Lolemba, Lachiwiri, mpaka sabata yatha, amayi ankangonena zofunika, "tseka chitseko", "madzi atha". Zoti atsala anthu awiri sanazitchulenso, koma achemwali anali atapinda kale zovala zawo m'chikwama, chili pansi pa bedi, kudikira mawu. Kumtsinje anasiya kupita. Ankaswali kuseri kwa katani, mwakachetechete, ndipo amayi nthawi imeneyo ankapeza chochita panja.

Lamulungu lachiwiri, titabwera kutchalitchi, amayi anagwira tambala wathu wofiira uja, amene ankasungira Khrisimasi. Ndinathamangira mpeni, chifukwa kwathu wopha nkhuku ndine. Anandiletsa.

"Siya mpeniwo. Mumange miyendo upite naye kwa telala, mwana wa abiti Saidi. Ukamuuze kuti amayi akuti mutizingire."

Ndinaima ngati chitsa. Inu mukudziwa, Msilamu sadya nyama imene sanazinge Msilamu mnzake. Miyezi yonseyi achemwali ankati nkhuku ikuwatsegula m'mimba, ife n'kumakhulupirira.

"Ukuyang'ana chiyani? Ndiphike miphika iwiri ngati ndili pamitala? Thamanga. Ndipo ukafika usakatsegule wailesi."

Ndinathamanga, tambala akulira kukhwapa. Abiti Saidi anali pakhonde akusankha mpunga. Atamva uthenga sananene zambiri, anangoti, "Ukawauze amayi ako kuti zikomo." Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti Sabina anaswali kuyang'ana ku Joni, ndipo nditavomera anaseka mpaka mpunga unatayika. Anati kulakwa ndi kwawo, anaiwala kuti munthu amayenda.

Nditabwerera, mbale ndi kapu zija zinali zitachoka pawindo. Palibe ananena kuti wazichotsa ndani. Tinakhala pamphasa atatu. Amayi anapemphera pemphero lawo lalitali lija, ndipo anatchula Sabina katatu, kuti Ambuye amubweze pa nthawi yawo. Achemwali anadikira mpaka ameni, n'kunong'ona mawu awo achidule. Kenako amayi anatenga chiwindi, chimene nthawi zonse chimakhala changa, n'kuchiika mbali ya achemwali.

"Wawonda ngati ndodo yoyezera tiyi. Idya."

Chikwama chija achemwali anachimasula tsiku lomwelo.

Kulayini nkhani yasintha tsopano. Akuti Sabina wapeza mwamuna wachiyawo wa sitolo ku Limbe. Amayi akamva amangoti, "Akabwera mundiuze, ndimuone nanenso." Koma za mwana zija sizinatheretu. Pali azimayi awiri amene mpaka lero amakokera ana awo pafupi achemwali akamadutsa, ndipo achemwali amaona.

Timiyala safunanso, awerengera okha masiku ano. Koma anatisunga m'kachitini pamodzi ndi chipewa cha Chiyembekezo. Dzulo akundiluka tsitsi anati, "Rosie, anthu onse anandinena, koma iwe wekha unasunga pakamwa. Sindinkayembekezera." Ndinangoti mukundikoka tsitsi achemwali, kuti asaone chimene chinali m'maso mwanga.

Sadziwa kuti mawu oyamba aja, akuti amangoyang'ana phiri, anatuluka pakamwa panga. Jessica sanganene, amaopa kuti nayenso atchulidwa. Ndikangokhala chete, zitha choncho. Koma ndikagona chammbali ndimaona kachitini kaja pashelefu. Inuyo mukanakhala ine, mukanawauza?